Zaka Ziwiri Zomwe Amalume Anabwereka

"Ine munthu ndikangomulembera CV n'kumuika pa LinkedIn, azikagula nsapato zatsopano. Ntchito ndiye kuti yapezeka kale."

Ankayankhula ndi a Yakobe Chisale, ataima pakhonde la shopu yawo pa boma la Mwanza. Foni inali kukhutu, koma mawu ankawalozetsa kwa anthu odutsa mumsewu. Pamwamba pa chitseko panali chikwangwani cha Chingerezi chonena kuti muno muli katswiri wopezera anthu ntchito. M'munsi mwake, m'tizilembo tamanyazi, chinkanenanso kuti amapanga fotokope ndi kutchaja mafoni.

A Hamisa, wapampando wa kalabu ya alimi a manachesi ku Thambani, anali tsidya la ngalande kudikira pikapu yobwerera kwawo. Mawuwo anawamva. Anasuzumira kuseri kwa shopu, komwe Kinsley, mwana wa katswiriyo, ankasewera pulu atavala masilipasi monga ankachitira tsiku lililonse chimalizireni koleji. Anangosenda nachesi n'kuyamba kudya.

Asanamalize, kabaza inaima pakhomo pa shopuyo ndipo panatsika Dyna. A Hamisa anaona katsikidwe kake n'kudziwa kuti pikapu ikhoza kuyamba yapita.

Dyna anali mwana wa a Lucia, mlongo wa a Yakobe. Atamaliza dipuloma ya zamalonda n'kusowa ntchito, anakhala zaka ziwiri ali mlembi wa kalabu ya a Hamisa, osalipidwa. Malemu bambo ake anali a tsidya lina la malire, choncho Chipwitikizi ankachiyankhula bwino. Ndiye amene anapezera kalabuyo ogula a ku Zobue ndi ku Tete, amene ankakangana ndi madalaivala a mathiraki pa mtengo wonyamulira, amenenso ankagona pa matumba gudumu likaphulika panjira. Kampani ina yogula zokolola itatsegula ofesi kumalire n'kulengeza kuti ikufuna kalaliki, iye anapita kwa amalume ake kuti amutayipire CV ndi kumutsegulira tsamba pa LinkedIn, poti kampaniyo inkayang'ananso kumeneko. Anaitanidwa ku intaviyu ya Lachisanu. Tsopano linali Lachitatu, ndipo ankachokera ku ofesi ija, komwe mayi wolemba anthu ntchito, a Anne, anali atangomuuza kuti dzina lake lachotsedwa.

"Malume, tsitsani foniyo."

"Ndikuyankhula ndi anthu a ku Lilongwe, mphwanga."

"Yazima kalekale. Ndikuona galasi lake."

A Yakobe anaiika m'thumba mwaulemu ngati munthu amene wamaliza zokambirana, n'kulowa m'shopu. Dyna anawatsatira. A Hamisa anawoloka ngalande n'kukaima pakhomo.

"A Anne andionetsa ma CV awiri," anatero Dyna. "Yanga ndi ya Kinsley. Zonse zikuti mlembi wa kalabu ya manachesi ku Thambani kwa zaka ziwiri. Zonse zikuti anapeza misika ku Tete. Zonse zikuti amayankhula Chipwitikizi. Mawu ake omwewo, mzere ndi mzere. Kinsley ku Thambani anafikako liti?"

"Pa maliro a agogo ako analipo."

"Atsegulanso tsamba la Kinsley. Mwaikapo chithunzi changa chija tikupakira manachesi m'thiraki. Ine mwandidula. Chatsala ndi chigongono."

"Chithunzi chinali chachikulu. Makina amadula okha."

"Ndiye poti pa ma CV onse mboni ndinu, anakuimbirani dzulo kufunsa kuti mwa awiriwa anagwira ntchitoyo ndani. Munawayankha chiyani?"

A Yakobe anakhala pampando wawo wozungulira, womwe unasiya kuzungulira kalekale, n'kupinda manja pamimba.

"Khala pansi, Dyna. Zinthu izi zili ndi kayendetsedwe kake. Ekisipiriyensi si shuga kuti wina akatapako itha. Zaka ziwiri zija zikadali zako, palibe wakulanda. Ine ndangobwereka. Pabanja timabwerekana. Jekete, njinga, chilichonse."

"Munawayankha chiyani?"

"Ndinati mnyamata ndiye ankatsogolera, iwe unkathandizira."

"Ndiye kuti ndine wabodza."

"Liwu limenelo sindinalitchule ine."

"Alitchula iwo. Andiuza kuti munthu wokopera CV ya mbale wake sangamusungitse katundu wa kampani. Anena pamaso pa alonda, malume. Ndatuluka m'geti anthu akundiyang'ana ngati ndaba nkhuku."

"Ukuona pafupi," anatero a Yakobe, mawu ali ofatsa ngati a mlaliki. "Kinsley akalowa, pakatha chaka adzakukoka. Iwe ukalowa udzakoka wina. Imeneyo ndiye timaitcha netiweki. Komanso iwe ndiwe mkazi, mawa kukubwera munthu kudzakufunsira. Mnyamata wopanda ntchito amufuna ndani? Ndaganizira banja lonse."

Dyna anayang'ana pansi pofuna kuti asalire pamaso pawo, ndipo maso ake anagwera pa bokosi lomwe linali kunsi kwa tebulo. Munali nsapato zakuda, zatsopano, mapepala akadali m'kati. Analikankha ndi phazi mpaka linafika pakati pa shopu.

"Mawa dzuwa lisanalowe muwaimbire a Anne muwauze zoona."

"Munthu wa dzina ngati ine sasintha mawu. Pa LinkedIn amanditsatira anthu a m'mayiko osiyanasiyana. Akamva kuti lero ndanena ichi, mawa ichi, andiona bwanji?"

Dyna anatola kapu ya zolembera patebulo, ndipo a Hamisa anaona kuti ikulunjika pa galasi la kompyuta. Analowa n'kumugwira dzanja.

"Siya, mwanangu. Ukaswa chinthu muno nkhani isanduka ya galasi. Tiye kwa amayi ako."

A Lucia anamva nkhani yonse ali pakhonde, akusenda mtedza. Sanadule mawu ngakhale kamodzi. Dyna atamaliza, iwo anapitiriza kusenda, koma tsopano mtedza unkasweka pamodzi ndi makoko.

"Anati wabwereka?"

"Anatero."

"Chabwino. Chobwereka chimabwezedwa. Mawa tikatenge."

M'mawa wa Lachinayi pashopu ya a Yakobe panali mzere wofika kumsewu. Bungwe lina linali litalengeza ntchito za kalembera, tsiku lotsekera linali pafupi, ndipo achinyamata a m'midzi ya kwa Kanduku anabwera ndi mapepala awo m'maenvulopu kuti katswiri awasandutse anthu olembeka. A Yakobe anali atavala tayi. Ankauza mnyamata wina kuti munthu salemba kuti ankaweta mbuzi, amalemba kuti ankayang'anira chuma cha banja.

A Lucia anadutsa mzere wonsewo osapepesa. Anayala chitenje pansi patsogolo pa makina a fotokope n'kukhala, miyendo atatambasula mpaka pakhomo. A Hamisa anakhala pambali pawo. Dyna anaima chotsamira khoma, manja atapinda.

"Achimwene, mwadzuka bwanji?"

"Achemwali, ino ndi ofesi. Za pabanja tikambirana kunyumba."

"Munazichitira muno. Tikambirana muno."

"Ndili ndi makasitomala pamzerepa."

"Ndawaona. Ndi bwino, akhala mboni." A Lucia anakonza mpango kumutu. "Ndabwera kudzatenga katundu wa mwana wanga amene munabwereka. Zaka ziwiri. Mwati pabanja timabwerekana, n'zoona. Wilibala yanga munaibwereka, inabwerako yopanda gudumu, ndinakhala chete. Koma wilibala munachita kupempha. Izi munapempha ndani?"

"Simungamvetse. Izi ndi za intaneti."

"Za intaneti sindizidziwa. Ndikudziwa kuti mayi athu atamwalira, ife alongo anu tinakhala pansi n'kunena kuti mbumba iyi mwini wake akhale Yakobe. Mbuzi ya Dyna ikadya chimanga cha eni, timaitana inu. Kukagwa maliro timaitana inu, mudzayankhule Chingerezi chanu chija kumanda anthu osamva kanthu, ife n'kumawomba m'manja. Kinsley ali ndi amalume ake ku Neno, kwawo kwa amayi ake, omwe angamumenyere nkhondo. Uyu bambo ake anapita. Amalume ake ndinu nokha. Ndiye lero wamulakwira ndi mwini mbumba, ndiitane ndani?"

Panamveka mipira ya pulu yokha ikugundana kuseri.

"Mukukuza nkhani yaing'ono," anatero a Yakobe. "Ndafotokoza kale kuti Kinsley akalowa..."

"Mwanayu ndinkamuona ine," anawadula a Hamisa. "Miyezi yozizira ija amadzuka kukadali mdima kukadikira thiraki pamsewu. Tsiku lina dalaivala anafuna kutithawa ndi katundu, uyu anakwera pamwamba pa matumba n'kukana kutsika mpaka Zobue. Sitinamulipire kanthu. Tinkamuuza kuti malipiro ako ndi dzina, tsiku lina lidzakutsegulira khomo. Ndiye dzinalo mwalitenga inu mwapatsa wa pulu."

"Mayi, inu si wa banja lino."

"Kalabu mwailemba pa CV ya mwana wanuyo ndi yanga. Munandilowetsa nokha."

A Yakobe anaimirira n'kuwomba m'manja kawiri. "Wotsatira abwere. Amayiwa akatopa adzuka okha."

Palibe anasuntha. A Lucia anatembenukira kumzere.

"Ana inu, mapepala anuwo gwiritsitsani. Zomwe munavutikira mukazisiya muno zimabwereketsedwa. Uyu ndi mwana wa mlongo wawo weniweni, amutero. Inu ndinu ndani wawo?"

Mnyamata wamtali yemwe anali kutsogolo kwa mzere, dzina lake Mateyu, anayang'ana envulopu yake, kenako a Yakobe.

"Bwana, zanga zija zoti ndinadziperekapo pachipatala, ndinazisiya muno mwezi watha. Zili ndi ine ndekha, eti?"

"Usafunse zachibwana."

"Ayi, ndikungofunsa. Chifukwa komwe ndinafunsira ntchito sanandiitane."

Mtsikana wina anabwera kudzatenga mapepala ake patebulo mwakachetechete. Wina anachita chimodzimodzi. Sanachoke, poti nkhani inali isanathe, koma maenvulopu onse tsopano anali atapanidwa m'khwapa. A Yakobe anamasula tayi pang'ono.

"Muitaneni Kinsley," anatero Dyna.

Kinsley analowa ndodo ya pulu ili m'manja. Anaona azakhali ake pansi, n'kuibisa kumbuyo.

"Iwe," anatero Dyna, "unkadziwa?"

"Ndinawauza kuti asatero."

"Unawauza, kenako?"

"Kenako anatero."

"Ndiye unangokhala. Takulira limodzi, umadya kwathu tchuthi chilichonse, n'kumaona chigongono changa pa tsamba lako tsiku ndi tsiku osandiimbira."

Kinsley anakanda kumutu. "Ababa, ine mawa sindipitako. Andiimbira kuti theka la intaviyu likhala m'Chipwitikizi. Ine ndimadziwa moni yekha, nayenso sindidziwa kuti ndi wa m'mawa kapena wamadzulo."

"Ndinakuuza kuti uzingomwetulira n'kumayang'ana munthu m'maso," anatero a Yakobe. "Chofunika ndi kudzikhulupirira."

Wina pamzere anaseka, koma a Lucia sanaseke.

"Mwamva? Mwamuphera mwana wanga ntchito chifukwa cha munthu amene sapitako n'komwe. Mwathyola nachesi la mwini n'kuliponya m'chimbudzi. Imbani foni, achimwene. Mukakana, ndikuchoka pano kupita kwa achemwali athu onse, ndipo Lamulungu tikhala pansi monga tinakhalira poyamba paja. Mbumba ndi yomwe inakupatsani mpando, ikudziwanso pochotsera. Mudzabwera kumaliro n'kukhala kumbuyo ndi akamwini."

Izi zinawalasa a Yakobe kuposa maenvulopu aja. Munthu akhoza kupirira kutaya makasitomala, koma kukhala pamaliro a kwanu wina akuyankhula m'malo mwako ndi imfa ina. Anatulutsa foni n'kuyamba kulowera kukachipinda ka kumbuyo.

"Pompano," anatero Dyna. "Muike poti timve tonse."

Anaiika patebulo. Inaitana kangapo, ndipo a Anne anayankha. A Yakobe anatsokomola n'kuyamba Chingerezi chachitali, chodzitchula maudindo.

"Chichewa," anatero a Lucia. "Si kumanda kuno."

"Mayi, ndi Chisale uja munayankhula naye dzana. Pa nkhani ya ana awiri aja, zikuoneka kuti panali kusamvetsetsana pang'ono kwa makina."

"Makina ati?" anafunsa a Anne. "Ine ndinayankhula ndi munthu."

"Ndikutanthauza kuti ntchito ya ku Thambani ija tikhoza kunena kuti inali ya banja lonse, aliyense mbali yake."

Dyna anachoka pakhoma n'kudzaima pafupi ndi tebulo, maso ali pa amalume ake. Mawu ake anali otsika.

"Malume, simunagone pa matumba. Kinsley sanagone pa matumba. Nenani dzina limodzi."

A Yakobe anayang'ana kudenga, kenako kumzere, komwe maso onse anali pa iwo. Anayang'ananso mlongo wawo, yemwe anali atayamba kale kupinda ngodya ya chitenje ngati munthu wonyamuka.

"Ndi Dyna," anatero. "Ntchito yonse anagwira ndi Dyna. CV yoyamba inali yake. Ine ndinakopera n'kuika dzina la mwana wanga. Chithunzinso ndi chake. Zomwe ndinakuuzani dzana sizinali zoona."

A Anne sanakhutire.

"Bambo Chisale, dzana munandiuza china molimba mtima, lero mukundiuza china. Ndikhulupirire ziti? Mwina mawa mudzaimbanso kuti anali mwana wa aneba."

A Hamisa anadzuka n'kuweramira pa foni. "Mayi, ine ndine Hamisa Jamilu, wapampando wa kalabu imeneyo. Mnyamatayo ndamudziwira pa tebulo la pulu, osati m'munda. Mukafuna bwerani ku Thambani mufunse mlimi aliyense, kapena imbirani ogula a ku Zobue mufunse kuti amakangana ndi ndani. Muno mulinso anthu odzaza shopu amene amva zomwe bambowa anena."

"Tamva," anatero Mateyu, ndipo ena anavomereza.

"Dyna ali pomwepo?" anafunsa a Anne.

"Ndilipo."

"Ntchito sindikukulonjeza. Ukhala pamzere ngati anzako, ndipo ndikufunsa mafunso ambiri kuposa iwo. Ubwere mawa ndi CV ina, yolemba wekha, mboni zake zikhale anthu amene anakuona ukugwira ntchito. Ndikatsegula tsamba la msuweni wakoyo masana ano, ndisapezepo manachesi." Anapuma pang'ono. "Zomwe ndinanena pamaso pa alonda zija, ndidzazikonza pamaso pa alonda omwewo."

Foni inaduka.

A Yakobe anakonza tayi. "Mwaona? Foni imodzi yokha, nkhani yatheka. Kukhala ndi anthu odziwana nawo..."

"Dzukani pampandopo," anatero Dyna.

"Mpando uwu sakhalapo aliyense."

"Dzukani, malume."

Anadzuka. Dyna anakhala n'kuitana Kinsley kuti atsegule tsamba lake. Anamuimika pambali pake kuti afufute yekha, mzere ndi mzere: kalabu, misika ya ku Tete, Chipwitikizi, chithunzi. Zitatha, patsamba panatsala dzina, koleji, ndi mawu oti ndi wolimbikira ntchito. Kinsley anafunsa ngati achotsenso amenewo. Dyna anangotseka tsambalo.

Kenako Dyna anatsegula tsamba loyera n'kuyamba kulemba CV yake. Ankatayipa ndi zala ziwiri, mwamphamvu, mpaka tebulo linkagwedezeka. Mawu akuluakulu omwe amalume ake anamukongoletsera nawo poyamba sanawabwezeremo. Analemba zomwe anachita, kumene anazichitira, ndi anthu amene anagula. Pa mboni analemba a Hamisa ndi wogula wina wa ku Zobue. Anthu a pamzere sanadandaule za kuchedwa. Ena anasendera pafupi kuti aone mmene akulembera.

Pulinta ya m'shopumo inkamvera mwini wake yekha. A Yakobe anaimenya mbama kumbali, anaikankha pang'ono, n'kuimenyanso, mpaka pepala linatuluka. Analitenga pakona n'kumutambasulira Dyna ndi dzanja limodzi, nkhope atayang'ana kumsewu.

Dyna sanalilandire.

"Achimwene," anatero a Lucia ali pansi pomwepo, "chobwereka amabweza choncho?"

A Yakobe anaima kanthawi, pepala lili m'malere. Kenako anatembenuka, anabweretsa dzanja linalo, n'kulipereka ndi manja awiri, shopu yonse ikuona. Dyna analiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi asanaliike mu envulopu. Atatero m'pamene amayi ake anapinda miyendo kuti anthu adutse.